Filimu ya nthumanzi izibweza ngongole yake pomaliza

Anthu okonda mafilimu a nthumanzi, aja oti munthu umaonera mtima uli m'mwamba, akayamba kukangana sachedwa kufika pamalo amodzi. Akhoza kuyamba ndi kuyamikira luso la wochita sewero wina, kapena nyimbo zimene zinkamveka pansipansi, koma pakangopita kanthawi onse amakhala akulimbana za mathero. Wina akuti filimu imene waonera posachedwapa inali yapamwamba chifukwa pomaliza nkhani inatembenuka moti palibe akanalota. Mnzake akukana, ati inamukhumudwitsa chifukwa chigawenga chinapulumuka. Wina akudandaula kuti sanamuuze amene anapha, pamene winanso akuyamikira zomwezo kuti ndiye nzeru zakuya. Mbali yanga ndiinena msanga. Mathero okhutiritsa ndi amene amamera m'nkhani momwemo, kuchokera pa zimene tinaonetsedwa ndi zimene anthu a m'filimuyo anasankha kuchita. Kaya ndi odzidzimutsa kapena oyembekezereka, okoma kapena owawa, izo zimabwera pambuyo. Filimu ya nthumanzi imakongola kwa woonera maola awiri a mantha ndi chidwi, ndipo mathero ndi pamene imabweza ngongoleyo. Ndichenjezeretu kuti pofuna kufotokoza bwino ndiulula mmene mafilimu angapo akale anathera.

Kuti timvane, tiyambe ndi funso loti nthumanzi imachokera kuti. Alfred Hitchcock, amene ambiri amamutenga ngati kholo la mafilimu amtunduwu, anafotokoza nkhaniyi pocheza ndi François Truffaut, wopanga mafilimu wa ku France, mu 1962, ndipo chitsanzo chake chikutchulidwabe mpaka lero. Anthu awiri akucheza nkhani wamba patebulo, mwadzidzidzi bomba laphulika pansi pa tebulolo. Woonera wadzidzimuka ndithu, koma kudzidzimukako ndi kwa masekondi 15 okha. Tsono tengani anthu omwewo ndi macheza omwewo, koma woonera aonetsedwe poyamba kuti pansi pa tebulo paikidwa bomba loti liphulike 1 koloko, ndipo wotchi ikusonyeza kuti kwatsala mphindi 15. Macheza wamba aja asanduka ozunza, chifukwa woonera akufunitsitsa kukuwa kuti anthu inu thawani. Apa tikuona kuti chimene chimabala nthumanzi ndi zimene woonera akudziwa. Filimu yonse imakhala ikumupatsa zoti adziwe, zoti aope ndi zoti ayembekezere, choncho mathero sangabwere ngati mlendo amene sakudziwa zimene zakhala zikukambidwa. Mfundoyi si yatsopano. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa Chigiriki, analemba kuti kumasuka kwa nkhani kuzichokera m'nkhani momwemo, ndipo sanagwirizane ndi chizolowezi cha m'masewero a Agiriki chothetsa nkhani yovuta pogwiritsa ntchito makina otsitsira milungu pabwalo.

Gulu loyamba limene ndikusiyana nalo ndi la anthu amene amati filimu ya nthumanzi yopanda kutembenuka kwakukulu kumapeto ndi yosakoma. Mfundo yawo ndi yomveka. Amati ngati munthu angathe kulosera mathero filimu isanafike pakati, palibe chifukwa choti apitirize kukhala pampando. Amatinso palibe chisangalalo choposa chija chimabwera nkhani ikakugwetsa chagada, iwe n'kukhala kakasi kwinaku mayina a opanga filimu akudutsa. Sindikana kuti chisangalalo chimenecho chilipo, ndipo inenso ndimachikonda. Koma taonani chimene chinachititsa kuti The Sixth Sense ya M. Night Shyamalan, ya mu 1999, ikhale pakamwa pa anthu zaka zonsezi. Pomaliza timazindikira kuti dokotala wa maganizo a ana amene takhala tikumutsatira anafa kale koyambirira kwenikweni kwa filimu. Munthu akaionera kachiwiri amapeza kuti sananamizidwe paliponse. Anaona dokotalayo akuwomberedwa. Chiyambire pamenepo palibe amene akuyankhulana naye kupatula kamnyamata kaja kamene kamaona akufa. Kamnyamatako kanamuuza poyera kuti akufawo sadziwa kuti anafa. Ngakhale chakudya chija cha m'lesitilanti, pamene mkazi wake sakumuyankha ndipo ife tikuganiza kuti wakwiya, chimasintha tanthauzo n'kukhala chomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa tsopano tikudziwa kuti ndi mkazi wamasiye amene wakhala yekha patsiku lokumbukira ukwati wake. Kutembenuka kumeneku kunawonjezera kulemera kwa chilichonse chimene chinabwera poyamba.

Yerekezani ndi kutembenuka kotchipa kumene kwadzaza m'mafilimu ambiri. Takhala tikukayikira anthu asanu kwa maola awiri, kenako wakupha akupezeka kuti ndi mapasa a wina amene sanatchulidwepo. Kapena wapolisi wofufuza mlandu ndiye wakupha, chonsecho tinamuona ali yekhayekha m'chipinda akusinkhasinkha moona mtima kuti wakuphayo angakhale ndani, zimene munthu wodziwa mlandu wake sangachite popanda womuona. Kapena, choipitsitsa, zonse zinali maloto. Woonera amadzidzimukadi, koma wadzidzimuka chifukwa wanamizidwa, ndipo kunamiza munthu amene akudalira iwe kuti umuuze nkhani si luso. Olemba nkhani za ofufuza milandu anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1929 mmodzi wa iwo, Ronald Knox, analemba malamulo 10 a nkhani zotere, ndipo ena mwa iwo amati wolakwayo akhale munthu amene watchulidwa koyambirira kwa nkhani, wofufuza asabise umboni umene waupeza, ndipo mapasa asatulukire pokhapokha ngati wowerenga anakonzekeretsedwa. Sindikunena kuti malamulowa asaphwanyidwe. Olemba aluso awaphwanya kambirimbiri. Koma mtima wa malamulowo ndi wolondola: woonera apatsidwe mwayi weniweni woti akanatha kuzindikira. Akamati "ndikanadziwa bwanji?" ndiye kuti filimu yamubera. Akamati "zinali pamaso panga pomwe, sindinazione bwanji?" ndiye kuti filimu yamulemekeza.

Palinso kafukufuku wina amene okonda kudzidzimutsidwa ayenera kumuganizira. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a ku yunivesite ya California ku San Diego anapatsa anthu nkhani zifupizifupi zoti awerenge, ena atawauziratu mathero, ena ayi. Anapeza kuti ambiri mwa amene anauzidwiratu anasangalala nazo mofanana kapena kuposa anzawo aja. Izi zinali nkhani zolembedwa, ndipo ofufuza ena pambuyo pake anapeza zosiyana, choncho sindikulimbikitsa munthu kuti aziululira anzake mathero. Komabe zikugwirizana ndi zimene aliyense wokonda mafilimu amadziwa, kuti filimu yabwino timaibwereza ngakhale tikudziwa kumene ikupita. Ikanakhala kuti mphamvu yake yonse ili pa kudzidzimutsa, bwenzi ikufa tsiku loyamba lomwelo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti njala ya kutembenukayi yasintha kaoneredwe ka anthu. Ambiri tsopano amaonera filimu ngati akulimbana ndi mlembi, maso ali pa kusaka msampha, osalabadira mayi amene mwana wake wasowa kapena bambo amene akunamiziridwa mlandu. Munthu woonera motero sangamve nthumanzi, chifukwa nthumanzi imafuna kuti ukhale ndi munthu amene ukumuderera nkhawa.

Gulu lachiwiri ndi la amene amati mathero okhutiritsa ndi amene woipa walangidwa ndipo wosalakwa wapulumuka. Awa ndimawamvetsa kuposa onse. Amati m'moyo weniweni taona kale zigawenga zikuyenda momasuka, ndiye n'chifukwa chiyani tizionanso zomwezo pa nthawi yathu yopuma? Amati nkhani ili ndi udindo wosonyeza kuti choipa chili ndi malipiro. Chilakolako chimenechi n'chaumunthu ndipo sichoyenera kunyozedwa. Vuto limabwera chikasanduka lamulo, ndipo mbiri ya mafilimu inatisonyeza kale zotsatira zake. Kuyambira 1934 mpaka m'zaka za m'ma 1960, mafilimu a ku Hollywood ankatsatira malamulo odziwika ndi dzina la Hays Code, amene mwa zina sankalola kuti wopalamula mlandu aoneke kuti wapambana. Malamulowa anachotsedwa mu 1968. Hitchcock yemweyo atapanga Rebecca mu 1940, anakakamizika kusintha mfundo yaikulu ya buku la Daphne du Maurier. M'bukumo mwamuna anawombera mkazi wake woyamba. M'filimu imfayo inasanduka ngozi, chifukwa wakupha sakanaloledwa kutsala mfulu. Ganizirani tanthauzo la lamulo lotere kwa woonera. Ngati ukudziwiratu kuti woipa agwidwa zivute zitani, ndiye kuti bomba lija la pansi pa tebulo ulibe nalo mantha, chifukwa ukudziwa kuti silingaphulike.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi cha George Sluizer, amene anapanga nkhani imodzi kawiri. Mu 1988 anatulutsa filimu ya Spoorloos, imene imadziwikanso kuti The Vanishing. Mnyamata ndi chibwenzi chake ali paulendo ku France, aima pamalo omwetsera mafuta, mtsikanayo walowa m'sitolo ndipo sanabwerenso. Kwa zaka zitatu mnyamatayo sakugona, akufuna kudziwa chimene chinachitika, mpaka chikondi chake chatsopano chatha chifukwa cha zomwezo. Kenako wakubayo akubwera yekha n'kumuuza kuti njira yokhayo yodziwira ndi yoti amwe khofi wothira mankhwala ogonetsa, kuti zimene zinachitikira mtsikanayo zimuchitikirenso iye. Mnyamatayo akudziwa kuopsa kwake, koma akumwa, ndipo akudzuka ali m'bokosi pansi pa nthaka. Ndi mathero owawa koopsa, koma palibe amene angati anachokera kumwamba. Filimu yonse yakhala ikufunsa kuti munthu angalipire chiyani kuti adziwe, ndipo mnyamatayo wayankha ndi dzanja lake potenga kapu ija. Ifenso oonera tinkafunitsitsa kudziwa, ndiye yankho likafika limatipweteka limodzi naye. Mu 1993 Sluizer anaipanganso filimuyi ku America, Jeff Bridges ndi Kiefer Sutherland akusewera. Ulendo uno chibwenzi chatsopano chikufika nthawi yake, chikumufukula mnyamatayo ali moyo, ndipo wakubayo akuphedwa. Chilungamo chachitika, koma funso lija lathawidwa, chifukwa kusankha kwa mnyamatayo kulibenso mtengo. Lero anthu akamatchula nkhaniyi ndi ulemu amanena ya 1988.

Komabe ndisamveke ngati ndikuti mathero owawa ndiwo anzeru nthawi zonse, chifukwa palinso gulu limene limaganiza choncho ndipo nalonso likulakwitsa. Pali opanga mafilimu amene amapha munthu wabwino pa mphindi yomaliza kuti angooneka olimba mtima, pamene nkhani sinali kulowera kumeneko. Nkhanza zotere n'zofanana ndi chifundo chokakamiza chija, chifukwa zonse ziwiri zachokera kunja kwa nkhani. Taganizirani Get Out ya Jordan Peele, ya mu 2017. Poyamba anajambula mathero oti mnyamata wachikuda, atapulumuka m'manja mwa banja limene linkafuna kumulanda thupi lake, akugwidwa ndi apolisi n'kutsekeredwa m'ndende. Pambuyo pake anawasintha. M'filimu imene inatuluka, magetsi ngati a galimoto ya apolisi akuthwanima, mnyamatayo akukweza manja, ndipo woonera aliyense akudziwa mmene zinthu zingathere kwa munthu wakuda amene wapezeka pakati pa mitembo ya azungu. Kenako chitseko chikutseguka ndipo akutuluka ndi mnzake wapamtima. Chipulumutso chimenechi ndi chovomerezeka chifukwa mnzakeyo wakhala akumuchenjeza ndi kumufunafuna kuyambira kale m'nkhanimo, mpaka anakadandaula kupolisi n'kusekedwa. Kuwonjezera apo, masekondi ochepa aja a magetsi othwanima anatipatsa kale ululu wonse wa mathero oyamba aja. Mathero okoma akhoza kukhala oona ngati nkhani yawagwirira ntchito.

Tsono tifike kwa amene amafuna kuti funso lililonse liyankhidwe filimu isanathe. Iwo amati wopanga filimu amene wasiya nkhani m'malere ndi waulesi, walephera kusankha ndipo watula ntchito yake kwa woonera. Nthawi zambiri amanena zoona. Pali mafilimu ochuluka amene amadula nkhani pakati kuti asiye khomo la gawo lachiwiri, ndipo pamenepo chimene chalamula ndi malonda. Aliponso amene mlembi anamanga mfundo zambiri zimene analephera kumasula, ndiye anangozimitsa chithunzi n'kuyembekezera kuti anthu aziti n'zakuya. Koma kufotokoza zonse nakonso kuli ndi mtengo wake. Psycho ya mu 1960 ndi imodzi mwa mafilimu oopsa kwambiri amene anapangidwapo, komabe chakumapeto kwake kumabwera dokotala wa maganizo amene amaima n'kufotokoza mwatsatanetsatane matenda a wakuphayo, ndipo anthu ambiri okonda filimuyi amavomereza kuti pamenepo mantha amazirala. Zimene tinazimva kale m'thupi sizinkafunika kutiphunzitsanso ndi mawu.

Choncho chofunika n'kusiyanitsa funso limene filimu inalonjeza kuyankha ndi funso limene ife tangolifuna. Memories of Murder ya Bong Joon-ho, ya mu 2003, inachokera pa nkhani yeniyeni ya amayi amene anaphedwa m'dera la Hwaseong ku South Korea pakati pa 1986 ndi 1991. Pamene filimuyi inkapangidwa wakuphayo anali asanadziwike, ndipo filimu siyerekeza kumudziwa. Wina anganene kuti ndiye yatha popanda yankho. Koma ukaionetsetsa, nkhani yake ndi ya apolisi amene akumenya anthu osalakwa kuti avomere, amene akudalira maso awo ndi mphekesera chifukwa alibe zipangizo, ndi mmene kulephera kumawadyera pang'onopang'ono. Funso limenelo likuyankhidwa mokwanira. Pomaliza, patapita zaka, mmodzi mwa apolisiwo, amene ankadzitama kuti amazindikira wolakwa pongomuyang'ana m'maso, akubwerera pa ngalande imene munapezeka mtembo woyamba. Kamtsikana kakumuuza kuti munthu wina anabweranso posachedwa kudzasuzumira momwemo, ndipo nkhope yake inali wamba. Wapolisiyo akutembenuka n'kuyang'ana kamera, kutanthauza ife oonera, pakati pathu pamene wakuphayo akanatha kukhala. Mu 2019 apolisi anamuzindikira munthuyo pogwiritsa ntchito DNA, ndipo anapezeka kuti anali kale m'ndende pa mlandu wina wakupha. Yankho limene anthu ankalifuna linabwera, koma filimuyo sinachepe mphamvu ngakhale pang'ono, umboni woti mphamvu yake sinali pa dzina la wakuphayo.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimabwera mkangano ukatopetsa: aliyense ali ndi zokonda zake, ndiye amene wakhutira wakhutira, palibe chifukwa choweruzira. Ena amapitirira n'kunena kuti oonera ndiwo amalipira, choncho mathero amene ambiri awakonda ndiwo olondola. Zoti anthu amakonda zosiyana n'zoona, ndipo palibe amene angalamule mtima wa mnzake. Koma zoti wakupha anatchulidwa koyambirira kapena ayi, zoti wopulumutsa anakonzekeretsedwa kapena anangogwa kuchokera kumwamba, zimenezo si zokonda. Aliyense angabwezere filimu m'mbuyo n'kuziona. Ndipo zimene khamu likufuna litangotuluka m'chipinda choonera, mtima udakali kugunda, sizikhala nthawi zonse zimene nkhani ikufuna. Fatal Attraction ya mu 1987 ndi umboni. Bambo wapabanja, amene anasewera Michael Douglas, akuchita chibwenzi cha masiku ochepa ndi mayi wina, amene anasewera Glenn Close, kenako akufuna kumutaya ngati palibe chinachitika. M'mathero oyamba mayiyo, amene filimu yamusonyeza kuti ndi wosweka maganizo ndipo anayesapo kale kudzivulaza, akudzipha ndi mpeni umene uli ndi zidindo za zala za bamboyo, ndipo bamboyo akumangidwa. Anthu amene anaonetsedwa filimuyi isanatuluke sanakondwe. Ankafuna kuona mayiyo akulangidwa ndi dzanja la wina. Kampani inajambulanso mathero, Glenn Close akukana kwa kanthawi asanavomere, ndipo mayiyo anasanduka chilombo cholowa m'bafa ndi mpeni mpaka mkazi wa bamboyo anamuwombera. Filimuyo inapanga ndalama zambiri, ndipo amene amati khamu silinama angaloze pamenepo. Ine ndikuloza zimene zinatayika. Nkhani inayamba ndi kulakwa kwa bambo amene ananyenga banja lake, ndipo kwa ola loposa limodzi inkatifunsa kuti kulakwa kumeneko kudzamudyera chiyani. Mathero atsopano anasamutsa mlandu wonse n'kuuika pa mayi wodwala, bamboyo n'kutsala akukumbatirana ndi mkazi wake, amene anachita kumugwirira ntchito yochotsa vuto limene iye anabweretsa pakhomo.